Malo a mbiri amene boma limawasandutsa guwa lotamandirapo banja lolamula: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Kasungu nkhani ya zipilala ndi ziliza za atsogoleri sikhalitsa isanafike pa dzina la Kamuzu. Ana a sekondale, aphunzitsi a mbiri ndi anthu ena akamva za dziko la North Korea amafunsa mafunso omwewo mobwerezabwereza, ndipo ambiri amathera pa kachere wa ku Mtunthama, mtengo umene akuti Kamuzu anaphunzirirapo ali mwana. Tawasonkhanitsa pano. Tayamba ndi North Korea chifukwa kumeneko n'kumene mchitidwewu unafika pachimake, za kwathu zili chakumapeto.

Kodi malo amenewa ndi otani kwenikweni?

Ndi malo amene boma limalengeza kuti ndi a mbiri ya dziko, koma chifukwa chokha chowatetezera n'chakuti mtsogoleri, bambo ake, mayi ake kapena agogo ake anabadwirapo, anagonapo, anamenyerapo nkhondo kapena analankhulirapo. Ikhoza kukhala nyumba, chitsime, mwala, mtengo, phiri, ngakhale mphambano. Boma limamanga mpanda, limaika wolondera ndi wofotokozera alendo, kenako limatumizako anthu.

Dziko lililonse limasunga malo okumbukirapo anthu ake otchuka, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Malo amene tikunenawa amasiyana ndi enawo chifukwa nkhani yake imakhala imodzi yokha, amene amailemba ndi chipani cholamula, ndipo kuitsutsa ndi mlandu. Cholinga chake ndi kutsimikizira anthu kuti amene ali pampando lero ndi woyenera chifukwa cha magazi amene ali m'thupi mwake.

N'chifukwa chiyani North Korea ndi imene imatchulidwa kwambiri?

Chifukwa banja limodzi lalamula dzikolo kuyambira 1948: Kim Il Sung mpaka imfa yake pa 8 Julayi 1994, mwana wake Kim Jong Il mpaka pa 17 Disembala 2011, ndipo tsopano mdzukulu, Kim Jong Un. Kumeneko malowa ndi dongosolo lathunthu la boma, ndipo ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi malo amene a m'banjali anakhalako kapena kugwirako ntchito. Lachiwiri ndi mabwalo a nkhondo yolimbana ndi atsamunda a ku Japan, amene analamula Korea kuyambira 1910 mpaka 1945.

Ntchitoyi inakula kwambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene Kim Jong Il ankagwira ntchito ku nthambi ya chipani yofalitsa mfundo zake. Kukometsa mbiri ya bambo ake ndi imodzi mwa njira zimene anadzipezera nazo mpando. Zaka za zipilala zikuluzikulu zikusonyeza zimenezi: chipilala cha nkhondo ya Pochonbo ku Hyesan mu 1967, chiboliboli cha mkuwa cha pa phiri la Mansu ku Pyongyang mu 1972 pamene Kim Il Sung ankakwanitsa zaka 60, chipilala cha Wangjaesan mu 1975, cha Samjiyon mu 1979.

Munthu akafika pamalo otere amapezapo chiyani?

Chitsanzo chabwino ndi Mangyongdae, mudzi wa kunja kwa Pyongyang umene boma limati ndi kumene Kim Il Sung anabadwira pa 15 Epulo 1912. Pakati pa paki yosesedwa bwino pali tinyumba tofolera ndi udzu. Mkati muli zithunzi za makolo, mphasa, makasu ndi ziwiya za kukhitchini. Chimene wofotokozera sadumpha ndi mtsuko wopindika, umene amati banjali linaugula motchipa chifukwa linalibe ndalama yogulira wabwino. Pafupi pali chitsime chimene alendo amamwapo madzi, ndi malo oikidwa zizindikiro pamene akuti mnyamatayo ankasewerera ndi kuwerengera.

Malo ambiri amatsata kamangidwe komweko. Pamakhala chinthu chakale, chenicheni kapena chomangidwanso. Mwala wozokotedwa tsiku ndi zimene akuti zinachitika. Chiboliboli kapena chithunzi chachikulu cha pakhoma choikapo maluwa. Nyumba yoonetseramo zinthu. Bwalo lokwana magulu a anthu. Ndi wofotokozera, kawirikawiri mayi wovala zachikhalidwe kapena yunifolomu ya ankhondo akale, amene amalankhula mawu oloweza pamtima.

Taonani ntchito ya mtsuko uja. Umphawi wa banjali umaonetsedwa mwadala, koma uli pakati pa udzu wotchetchedwa, maluwa ndi misewu ya phula. Mlendo amayenera kuona zonse ziwiri nthawi imodzi: kumene anachokera ndi kumene akuti anafikitsa dziko.

Malo wamba amasanduka bwanji malo opatulika?

Nkhani ndi imene imayamba, malo amabwera pambuyo. Chipani chili ndi bungwe lake lolemba mbiri, ndipo likavomereza kuti chakutichakuti chinachitika, amatumiza gulu kukafufuza pamene chinachitikira. Kawirikawiri amene amaloza malowo ndi mtsogoleri mwiniwake, kapena mmodzi wa ankhondo akale amene moyo wake wonse ukudalira banjalo. Akaloza, palibenso wofunsa.

Zikatero amamanga. Chimene chinaola kapena kupsa amachimanganso, nthawi zambiri chokongola kuposa choyambacho. Amalambula msewu, amamanga malo ogona magulu a alendo, amaphunzitsa ofotokozera. Potsiriza malowo amalowa m'mabuku a sukulu, m'nyimbo ndi m'ndondomeko ya maulendo a ana asukulu, asilikali ndi ogwira ntchito m'mafakitale. Pakatha zaka 20, mwana wobadwa pambuyo pake alibe njira yodziwira kuti nyumba imene akuionayo inamangidwa mayi ake atabadwa kale.

Dongosololi silinathere pa nkhondo. Mtsogoleri akayendera fakitale kapena famu, amaikapo chikwangwani cha tsikulo, ndipo mpando umene anakhalapo ukhoza kuikidwa pambali osakhalidwanso.

Ndiye zonse zimene amanena pamalowa ndi bodza?

Ayi, ndipo mphamvu yake ili pomwepo. Kim Il Sung anamenyadi nkhondo ya m'tchire ku Manchuria, dera la China la m'malire ndi Korea, m'zaka za m'ma 1930, ndipo a ku Japan ankamusakadi. Pa 4 Juni 1937 gulu lake, la anthu osapitirira 200, linaoloka malire n'kuthira nkhondo tauni yaing'ono ya Pochonbo, kutentha maofesi a atsamunda n'kubwerera. Nyuzipepala za nthawiyo zinalemba, ndipo dzina lake linamveka.

Bodza limalowa m'njira zitatu. Yoyamba ndi kukuza: nkhondo ya usiku umodzi imafotokozedwa ngati imene inagwedeza ufumu wonse wa Japan. Yachiwiri ndi kufufuta: sanena kuti gulu lake linali pansi pa ankhondo otsogozedwa ndi chipani cha chikomyunizimu cha ku China, kapena kuti chakumapeto kwa 1940 anathawira ku Soviet Union, kumene anakhala mpaka nkhondo itatha. Anabwerera pa sitima ya pamadzi ya Asovieti, n'kutsikira ku Wonsan mu Sepitembala 1945, Japan itagonja kale. Yachitatu ndi kupeka kumene, monga zilili mu funso lotsatirali.

Kodi Kim Jong Il anabadwiradi pa phiri la Paektu?

Boma limati anabadwa pa 16 Febuluwale 1942 m'kanyumba ka mitengo mu msasa wobisika wa ankhondo m'munsi mwa phiri la Paektu, ndipo kuti kumwamba kunaoneka utawaleza uwiri ndi nyenyezi yatsopano. Zolembedwa za ku Soviet Union zimasonyeza kuti anabadwa mu 1941 kum'mawa kwa Russia, kumene makolo ake anali pa nthawiyo, ndipo ankatchedwa ndi dzina la Chirasha, Yuri.

Kanyumbako kanatsegulidwa kwa alendo mu 1987, zaka zoposa 40 chichitikireni zimene akunenazo, pamene iye anali atatsimikizidwa kale kukhala wolowa m'malo. Mu 1988 nsonga ya phiri imene ili pamwamba pa kanyumbako inapatsidwa dzina lake, ndipo anakwezapo miyala itatu ikuluikulu yozokotedwa zilembo zofiira.

Chifukwa chosankhira Paektu n'chodziwika. Ndi phiri lalitali kuposa onse ku Korea, mamita 2,744, ndipo m'nthano zakale za Akoreya ndi kumene mtundu wawo unachokera. Wobadwira pamenepo sangafanane ndi mwana wobadwira mu msasa wa asilikali a dziko lina. Kusuntha chaka nakonso kuli ndi ntchito: 1912 ndi 1942 zimasiyana ndi zaka 30 ndendende, kotero bambo akamakondwerera zaka 70, mwana akukondwerera 40. Lero banjali limadzitchula kuti ndi la magazi a Paektu, ndipo n'chifukwa chake Kim Jong Un anajambulitsa ali pa kavalo woyera pa phirili mu Okutobala 2019, n'kubwerezanso mu Disembala.

Nanga mitengo yolembedwa mawu ija ndi chiyani?

Ndi mitengo yosendedwa khungwa imene boma limati ankhondo a m'tchire analembapo mawu m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Yowerengeka inkadziwika kale, koma kuyambira cha m'ma 1987 inayamba kupezeka yambirimbiri m'dziko lonse, ndipo ina inali ndi mawu olengeza kubadwa kwa Kim Jong Il ngati nyenyezi yowala ya Paektu. Amaitsekera m'magalasi ooneka ngati mapaipi, n'kuivindikira ndi nsalu.

Aliyense amene anasendapo mtengo akhoza kuona vuto lake. Mtengo wamoyo umayesetsa kutseka bala, wouma umaola kapena kufumbwa, ndipo inki ya panja siingapirire mvula, dzuwa ndi chipale kwa zaka 50. Boma limayankha kuti asayansi ake anatulukira mankhwala oonetsanso zilembo zofufutika.  Komabe anthu afera mitengoyi: boma lomwelo limanyadira asilikali 17 amene anapsa mu 1998 poteteza mitengo yotere ku moto wolusa.

Bwanji amalemekeza mpaka agogo ndi azimayi a mtsogoleri?

Apa ndi pamene kutamanda munthu mmodzi kumasanduka ufumu wa banja. Pa mkangano wa ufumu kumudzi, mbali iliyonse imaloza manda ndi mabwinja a makolo ake kuti isonyeze kuti ndiyo eni nthaka. Banja la Kim likuchita zomwezo ndi dziko lonse.

Bambo a Kim Il Sung, Kim Hyong Jik, ali ndi malo awo ku Ponghwa kumene anaphunzitsako sukulu. Mayi a Kim Il Sung, Kang Pan Sok, ali ndi Chilgol, kwawo kobadwira. Mkazi wake woyamba, Kim Jong Suk, amene ndi mayi a Kim Jong Il, ali ndi nyumba, chiboliboli ndi nyumba yoonetseramo zinthu ku Hoeryong, kumene anabadwira mu 1917. Maboma atatu a m'chigawo cha Ryanggang anasinthidwa maina kuti atchedwe Kimjongsuk, Kimhyongjik ndi Kimhyonggwon, womalizayu ndi mng'ono wa Kim Hyong Jik. Mzerewu anaukokera mpaka 1866, chaka chimene Akoreya anatentha sitima ya ku America yotchedwa General Sherman pa mtsinje wa Taedong. Kutenthako kunachitikadi. Zoti anatsogolera ndi Kim Ung U, agogo a bambo ake a Kim Il Sung, zinayamba kumveka patapita zaka pafupifupi 100.

Amene sanatchulidwe amaphunzitsa zambiri kuposa amene atchulidwa. Kang Pan Sok anali wa banja la Chikhristu lolimbikira mu mpingo wa Presbyterian, koma ofotokozera salimbikira pamenepo. Mkazi wachiwiri wa Kim Il Sung ndi ana ake anakankhidwira kumbali. Mayi a Kim Jong Un, Ko Yong Hui, anabadwira ku Osaka ku Japan, dziko la adani, ndipo kwawoko sikungaikidwe mwala uliwonse.

Anthu amapitako mwa kufuna kwawo?

Ambiri amapita m'magulu okonzedwa ndi sukulu, malo a ntchito kapena gulu la asilikali, ndipo kujomba kumalembedwa. Ana ena amasankhidwa kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 400 potsanzira ulendo umene akuti Kim Il Sung anayenda mu 1923, ali ndi zaka 11, kuchokera kumalire a China mpaka ku Mangyongdae. Akuluakulu a chipani ndi asilikali amakwera Paektu m'nyengo yachisanu atavala ngati ankhondo akale. Akwati amakaika maluwa pa chiboliboli tsiku la ukwati wawo.

Kuyambira 1974 pali mfundo khumi za chipani, zimene zinakonzedwanso mu 2013, zolamula nzika iliyonse kuteteza ulemu wa mtsogoleri, zithunzi zake ndi ziboliboli zake. Si zongolemba. Pamene Jang Song Thaek, mwamuna wa azakhali ake a Kim Jong Un, ankaphedwa mu Disembala 2013, umodzi mwa milandu yake unali wakuti anaikitsa mwala wa mawu a mtsogoleri pakona pamthunzi m'malo mwa poonekera.

Tisaganize kuti onse amangonamizira. Munthu woleredwa ndi nkhani imodzi kuyambira ku mkaka akhoza kulira misozi yeniyeni pa malo opeka. Kumene kukana ndi mlandu, palibe amene angasiyanitse wolira ndi mtima ndi wolira ndi mantha, ngakhale boma lenilenilo.

Kodi n'zoona kuti mitembo ya atsogoleri awiri aja ikuonekabe?

Inde. Ili ku Kumsusan, nyumba imene inamangidwa mu 1976 ngati ofesi ndi nyumba ya Kim Il Sung, n'kusandutsidwa chiliza mu 1995. Mtembo wa Kim Jong Il unayamba kuonetsedwa mu 2012. Yonse iwiri inakonzedwa ndi mankhwala mothandizidwa ndi akatswiri a ku Russia amene amasamala mtembo wa Lenin, mtsogoleri woyamba wa Soviet Union, ndipo ili m'mabokosi a galasi, m'zipinda zosiyana.

Mlendo amavala zaulemu, amasiya foni, kamera ndi zonse za m'thumba, amadutsa pa makina opukuta nsapato ndi pa chipata chopemerera mphepo yochotsa fumbi, kenako amanyamulidwa ndi malamba oyenda okha m'makonde aatali. Pa mtembo amawerama katatu, kumiyendo ndi m'mbali zonse ziwiri, koma osati kumutu. Zipinda zina zili ndi magalimoto, mamendulo ndi bogi ya sitima imene akuti Kim Jong Il anaferamo. Pa ziboliboli za panja, wojambula amayenera kutenga thupi lonse, osadula mutu kapena miyendo.

Chaka cha 1995 chisakudutseni. Nyumbayi inkakutidwa ndi miyala yonyezimira pamene njala yaikulu ya m'zaka za m'ma 1990 inali itayamba kupha anthu.

Amamanga ndani, ndipo zikutikhudza bwanji kuno ku Africa?

Ziboliboli ndi zithunzi za banjali zimapangidwa ku Mansudae, malo a boma a zosemasema ndi zojambula amene anakhazikitsidwa mu 1959 ku Pyongyang. Luso lawo ndi lenileni. Nsanja ya ku Pyongyang yotchedwa Juche, ya mu 1982, ndi yaitali mamita 170, ndipo ili ndi miyala 25,550, umodzi pa tsiku lililonse la zaka 70 za Kim Il Sung.

Nthambi yawo yogwira ntchito kunja inapeza msika waukulu ku Africa. Ndi imene inagwira ntchito pa Heroes' Acre ya ku Harare, Heroes' Acre ya ku Windhoek ya mu 2002, chipilala cha mafumu atatu ku Gaborone cha mu 2005, chipilala chachikulu cha ku Dakar cha mu 2010, ndi chiboliboli cha Samora Machel ku Maputo cha mu 2011. Bungwe la United Nations linaletsa kugula ziboliboli ku North Korea mu 2016 pofuna kutseka njira imeneyi ya ndalama.

Kodi maiko ena alinso ndi malo otere? Amatha bwanji ulamuliro ukagwa?

Alipo. Ku Togo, ndege imene munali mtsogoleri wa dzikolo Gnassingbé Eyadéma inagwa ku Sarakawa pa 24 Januwale 1974, iye n'kupulumuka. Zotsalira za ndegeyo anazisunga pomwepo, n'kumangapo chipilala chosonyeza kuti ndi munthu wosafa wamba. Atamwalira mu 2005 mpando unapita kwa mwana wake, Faure. Ku Turkmenistan, mtsogoleri wa dzikolo Saparmurat Niyazov anamanga mzikiti waukulu ndi chiliza cha banja lake kumudzi kwawo ku Gypjak, ndipo mwezi wa Epulo anautcha dzina la mayi ake.

Ulamuliro ukagwa, malowa ndi amene amayamba kulandira mkwiyo, chifukwa anthu sawaona ngati awo. Nyumba zachifumu za Mobutu, amene ankalamula Zaire (lero DR Congo), ku Gbadolite zinafunkhidwa mu 1997, ndipo lero zikumera thengo. Chiliza cha Hafez al-Assad, mtsogoleri wakale wa Syria, kwawo ku Qardaha chinatenthedwa mu Disembala 2024, patangopita masiku ochepa mwana wake Bashar, amene analowa m'malo mwake, atathawa.

Nanga kachere wa ku Mtunthama, Kamuzu Academy ndi Nguru ya Nawambe si zomwezo?

Funso ili limabwera ndi mkwiyo kuchokera mbali zonse ziwiri, ndiye tiyankhe mosamala.

Zofanana zilipo, ndipo amene anaona nthawiyo sangazikane. Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971. Chithunzi chake chinali m'maofesi ndi m'masitolo, ndipo panalibe chinthu chololedwa kupachikidwa pamwamba pake. Mbumba inkavala nkhope yake, achinyamata a chipani ankafunsa khadi pa msika ndi pokwerera basi, ndipo dzina lake linaikidwa pa bwalo la ndege, chipatala, sitediyamu, mlatho, damu ndi misewu. Mtengo wa kachere umene akuti anaphunzirirapo zilembo zoyamba unakhala malo okumbukira, ndipo pafupi pake anamanga Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu Novembala 1981 ndi Chilatini ndi Chigiriki monga maphunziro okakamiza. Nkhani ya mnyamata woyenda pansi kupita ku South Africa inkagwira ntchito yofanana ndi ya mnyamata wa ku Mangyongdae: anavutikira maphunziro kuti adzapulumutse mtundu.

Zosiyana nazonso ndi zazikulu. Kamuzu sanasiye mwana pampando, kotero malo a ku Kasungu sanakhale umboni wa ufumu wa magazi. Anthu anavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, iye anagonja pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 ndipo anavomereza. Nguru ya Nawambe inali nyumba yake yokhalamo, osati malo amene magulu ankatumizidwa kukawerama. Academy, kaya munthu aiona bwanji, ndi sukulu imene yaphunzitsa ana enieni. Ndipo lero mukhoza kuima pansi pa kachere uja n'kunena kuti Kamuzu anali wankhanza, kapena kuti anali mpulumutsi, n'kubwerera kwanu kukagona.

Chiliza cha ku Lilongwe ndi nkhani ina. Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg, koma chilizacho chinatsegulidwa pa 14 Meyi 2006 ndi Bingu wa Mutharika, amene sanali wa MCP. Bingu yemweyo anabwezeretsa dzina la Kamuzu pa bwalo la ndege ndi pa sitediyamu, atalichotsa a boma la Bakili Muluzi. Apa amene ankafuna kupindula ndi dzinalo sanali a banja koma wandale wofuna mavoti a m'chigawo chapakati. Mizati inayi ya chilizacho ili ndi ngodya zinayi za chipani chija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Kodi Kamuzu anabadwadi pa 14 Meyi 1906?

Limeneli ndi tsiku la boma, ndipo ndi limene Kamuzu Day imatsatira. Ofufuza mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Umboni wake ndi wosavuta: pofika 1915 anali kale wothandizira kuphunzitsa ndipo anakhala pa mayeso a uphunzitsi, zimene mwana wa zaka 9 sakanachita. Pa nthawiyo kumidzi kunalibe kalembera wa ana obadwa, kotero kusokonekera kwa chaka si chachilendo, ndipo sitikufananitsa ndi kusamutsa malo obadwira kuchoka dziko lina monga za pa Paektu. Chofanana n'chakuti pa nthawi ya chipani chimodzi panalibe amene akanafunsa poyera.

Ku Malawi kuno, ndani amalengeza kuti malo ndi a mbiri ya dziko?

Lamulo lake ndi Monuments and Relics Act, la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nduna yoona za chikhalidwe ndi imene imalengeza kudzera mu gazeti ya boma, italangizidwa ndi khonsolo ya alangizi, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala. Malo akalengezedwa, kukumba, kugumula, kusintha kapena kuchotsapo chinthu popanda chilolezo ndi mlandu. Wopeza zinthu zakale polima kapena pokumba maziko ayenera kudziwitsa boma, osati kuzigulitsa.

Chofooka chake chili poyera. Siginecha yomaliza ndi ya nduna, ndipo nduna ndi wandale. Komanso kulengeza sikubwera ndi ndalama. Malo amene ali ndi mwini wake pa ndale amapakidwa penti chaka ndi chaka, pamene ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi zojambula za pamiyala za mu Kasungu National Park zimadalira chifundo cha nyengo. Ana ambiri a ku Mchinji sadziwa kuti boma lawo linkatchedwa Fort Manning, kapena kuti linga limenelo linabwera ndi nkhondo ya atsamunda ndi Angoni a Mpezeni mu 1898.

Mphunzitsi akatengera ana kumalo okumbukira mtsogoleri, awathandize bwanji kusiyanitsa mbiri ndi chitamando?

Musanapite, gawani ana m'timagulu ndipo kagulu kalikonse kakhale ndi funso limodzi loti kabwere ndi yankho lake. Oyamba apeze zaka ziwiri: chaka chimene chinthucho akuti chinachitika, ndi chaka chimene chipilala chinamangidwa. Mpata ukakhala waukulu, afunse amene anali pampando pomanga ndi chimene ankafuna. Achiwiri afunse wofotokozera kuti pa zinthu zoonetsedwazo, zenizeni ndi ziti, zopangidwanso ndi ziti. Malo oona mtima amanena okha. Achitatu alembe maina onse otchulidwa, kenako m'kalasi muone amene akusowa. Achinayi afunse kumene nkhaniyo inachokera: kalata, kaundula wa mishoni, nyuzipepala ya nthawiyo, kapena pakamwa pa mtsogoleri yekha.

Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi ziwiri. Ana amakopera mawu a pa chikwangwani n'kuwapereka ngati kafukufuku. Kapena mphunzitsi amafika ndi chigamulo chake kale, cha kutamanda kapena cha kunyoza, ana n'kungomutsatira. Njira yabwino ndi kuwatuma akafunse agogo awiri kapena atatu a m'mudzi mwawo amene anaona nthawiyo mosiyana, wina amene anapindula ndi wina amene anavutika. M'boma lino onsewo alipo, nthawi zina m'banja limodzi. Musalembe maina awo mu lipoti popanda chilolezo chawo.

Kodi malo oterewa ayenera kugwetsedwa?

Ife tikuti ayi, kupatula pamene malowo akugwiritsidwabe ntchito yoopseza anthu. Chiboliboli cha wolamulira mwankhanza ndi umboni wa mmene ankafunira kuonedwa, ndipo chikagwetsedwa m'badwo wotsatira umavutika kukhulupirira kuti zinachitikadi. Kanyumba ka pa Paektu, tsiku limene Akoreya adzakhale omasuka kukafufuza, kadzakhala kothandiza kwambiri pophunzitsa mmene boma limapekera mbiri.

Kwathu kuno chosowa ndi mbali inayo. A Aaron Gadama anali a ku Kasungu konkuno, nduna ya chigawo chapakati, ndipo anaphedwa mu Meyi 1983 pamodzi ndi a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto ku Mwanza. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anathawa mwaunyinji mu 1972 kupita ku msasa wa Sinda Misale ku Zambia, kutsidya kwa malire a Mchinji. A Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ulendo wa sukulu wopita ku Mtunthama kapena ku chiliza cha ku Lilongwe ukhale ndi phunziro la maina amenewa sabata yomweyo, ndipo komiti ya m'dera yofuna chikwangwani chatsopano pa malo otetezedwa ilembere ofesi ya DC ndi nthambi ya zipilala ija isanakhome kanthu.